Kapampu Kako Usakabise, Tusekile

Mughese,
Misuku,
Chitipa.

Tusekile mwana wanga,

Mawa m'mawa njinga yamoto idzakutenga kupita kumsewu waukulu kuti ukakwere basi ya ku Lilongwe, ndipo ine ndikudzidziwa. Tikadzaima pabwalo paja ndidzangoti "uyende bwino" ngati kuti ukupita kuchigayo. Pakamwa panga pamauma ndikakhala pamaso pa mwana. N'chifukwa chake masana ano ndakhala pakhonde la golosale ya amayi a Chikondi, aja ochokera ku Dedza, kuti ine ndizinena, iwo azilemba. Sukulu yanga ukuidziwa, inathera kubusa. Chisukwa chathu amayiwa salemba, ndiye ndikuyankhula Chichewa, pang'onopang'ono. Ndawauza kuti akonze mawu okha, maganizo asawakhudze. Akalemba akumandiwerengera, ndipo pomwe sindinanene ndikumawafufutitsa.

Za kulimbikira sukulu, za kupemphera ndi za kuchenjera ndi anyamata akuuza kale abusa, azakhali ako ndi aliyense amene wabwera kudzatsanzika. Ine nkhani yanga ndi imodzi yokha, ya kapampu kako kopopera m'kamwa mphumu ikakugwira. Dzulo amayi ako, pofuna kukuikira nyemba m'sutikesi, anakapeza pansi penipeni, kali m'sokosi, pansi pa nsapato. Atakufunsa unati, "Ndidzakatulutsa ndikafika. M'basi anthu angamandiyang'ane." Sutikesi imeneyo idzakhala kumalo a katundu, iwe uli pampando, mtunda wonse wa kuchokera kuno mpaka ku Lilongwe. Mwana wanga, mpweya sudikira kuti basi iime. Kapampuko ukatulutse lero, ukaike m'kachikwama ka m'manja.

Sindikukukalipira. Kubisako ndikudziwa kumene unakuphunzira.

Lamulungu lapitali, abusa atakuitana kutsogolo kuti mpingo ukupempherere, ine ndinakhala pabenchi la akuluakulu nditavala jekete langa, khosi lili m'mwamba. M'tchalitchi anali atasesa osawaza madzi, fumbi linkaoneka likuyandama pomwe dzuwa limalowera. Ndinakuona ukuyetsemula. Kenaka ndinaona mapewa ako akukwera ndi kutsika monga amachitira chifuwa chikayamba kuthina. Kapampu kanali m'thumba la siketi yako, ndipo dzanja lako linafika pathumbapo. Koma usanapise, unayang'ana kwa ine. Mpweya ukukuthera, iwe unayamba wayang'ana nkhope ya bambo ako. Ndiye unachotsa dzanja lija, n'kutuluka pemphero lili pakati. Amayi ako anakakupeza kuseri kwa chimbudzi, utatsamira khoma, ukupopa, chivindikiro cha kapampu chitagwera pansi. Potuluka, mkulu wina wa mpingo anandigwira dzanja nati, "Mwalera bwino, mwana wamanyazi, chisoni chosiya makolo chamugwira." Ine ndinayankha kuti "ndagha," kuthokoza. Mawu amenewo akundiwawabe. Ndinalandira ulemu pa chinthu chimene chikanatha kukupha kuseri kwa chimbudzi.

Tusekile, ku Lilongwe ine kulibe. Usakayang'ane nkhope ya munthu aliyense. Chifuwa chikathina, upope pomwe ulipo, kaya ndi m'kalasi, kaya ndi pamaso pa aphunzitsi, kaya abusa ali pakati pa pemphero.

Pamene unayamba kuyetsemula m'mawa uliwonse, uli m'makalasi omaliza a pulayimale, ine ndinkati ndi matama. Unkadzuka mphuno zitatsekeka, maso ofiira, ukutikita mphuno ndi chikhatho mpaka pamwamba pake panachita mzere. Ukangogwira tsache, mamina mbwee. Ndinkauza amayi ako kuti chimfine chenicheni chimabwera ndi kupita, koma ichi chosatha ndi chimfine chothawira ntchito. Mwezi wachisanu uja nkhungu itatsika kuchokera m'nkhalango ya Mughese, ndinakutuma kukathyola khofi dzuwa lisanatuluke, udzu uli ndi mame ozizira ngati madzi a mumtsuko. Nditabwera kudzaona, ndinakupeza utakhala pansi pa nthochi, dengu lisanafike pakati, chifuwa chikulira ngati kamwana ka mphaka. Ukukumbukira zimene ndinanena. Ndinati, "M'banja mwathu mulibe munthu wobanika. Dzuka." Unadzuka, chifukwa ndiwe mwana womvera. Kumvera kotero sindikukufunanso. Kumeneko akakupatsa ntchito yosesa m'fumbi kapena yoyatsa mbaula m'chipinda, ukanene poyera kuti chifuwa chako sichilola, ukapemphe ntchito ina. Amene akuti ndiwe waulesi, musiye anene. Ndipo mphuno zikayamba kuyabwa usamati n'zazing'ono. Tonse tinaona kuti mphuno zikayamba, chifuwa chimakhala chili m'njira.

Nyumba yathu ya malata ndinaimanga kuti anthu aone. Zimenezo sindingakane, ndipo mpaka lero ndimainyadira. Njerwa zootcha, pansi pa simenti, mawindo a magalasi amene sitinkatsegula kuopa kuti ana angaswe. Nkhokwe ndinaiphwasula, chifukwa akuba anachuluka ndiponso anankafumbwe ankamaliza chimanga mvula isanabwere. Tinayamba kuchita monga onse akuchitira masiku ano: kutonola, kuthira mankhwala aufa aja, kusoka matumba, n'kuwalowetsa m'nyumba. Chipinda chimene chinali ndi malo chinali chako, popeza Lusekelo ndi akulu ako ena anali atachoka. Ndinasanja matumba mpaka pafupi ndi denga, bedi lako lili pakati ngati bwato. Alendo akabwera ndinkawatsegulira chitseko dala kuti aone zokolola. Tsiku lina unati, "Tata, m'chipinda muja mukununkha mankhwala, ndikadzuka mphuno zikumandiwotcha." Ndinakuyankha kuti ana a anthu ena akugona ndi njala, iwe ukudandaula kugona ndi chakudya. Amayi ako ndiwo anakoka matumba aja okha kupita nawo kuchipinda chodyera, ine ndili kumsika, ndipo nditabwera ndinawakalipira kuti aika chuma panjira. Tsopano mvera: ukafika, uyang'ane bwino pomwe akupatsa kuti uzigona. Ngati pakhoma pali nkhungu yakuda, ngati matiresi akununkha chinyontho, ngati mnzako amayatsa koyilo ya udzudzu kapena amadzipopera mafuta onunkhira chitseko chili chotseka, uyankhule. Uyankhule mwaulemu, koma uyankhule. Bulangete ulichape ndi kuliyanika padzuwa usanalifunde. Zenera uzitsegula.

Za kufukiza ndikanakonda kuzidumpha, koma amayi a Chikondi akuti ngati ndayamba ndimalize. Chifuwa chitakugwira kwambiri chaka chimene unalowa sekondale, ndinawiritsa masamba a bulugamu ndi ena amene anandiuza anzanga, ndinakukhazika pansi, n'kukufunditsa bulangete pamodzi ndi mphika. Unkamenya bulangete kuti utuluke, ine ndikuligwira mwamphamvu, ndikuti pirira, mankhwala akulowa. Pokuvundukula milomo yako inali itasintha mtundu. Ngakhale pamenepo sindinapite nawe kuchipatala. Ndinawoloka nawe mtsinje wa Songwe kupita kwa sing'anga wina wa kutsidya amene anthu ankamutama, ndipo iye anakutema mphini pachifuwa. Mphini zimenezo uli nazo mpaka lero, n'chifukwa chake sukonda bulauzi yotseguka pakhosi. Ndimaona, ngakhale sindinena. Ku Lilongwe nakonso ukapeza alangizi ambiri. Wina adzati imwa dzira laliwisi, wina adzati kuli munthu wa mapemphero amene amauza odwala kuti ataye mankhwala. Pemphera, inde, ife ndife anthu a Mulungu. Koma wokuuza kuti utaye kapampu posonyeza chikhulupiriro, umufunse ngati iye angataye mphuno zake. Ndipo ukapopa koma chifuwa osamasuka, usadikire kuti kuche kapena kuti mayeso athe. Pita kuchipatala nthawi yomweyo.

Amene anapita nawe kuchipatala cha ku boma anali amayi ako, ine nditakana. Munabwerako ndi tipampu tiwiri, kena ka tsiku lililonse koteteza, kena kopopa chifuwa chikathina. Sabata yomweyo unasintha, unayamba kuseka, unkakwera chitunda cha kusukulu osaima panjira. Munthu wanzeru akanavina. Koma ine ndinakamva za amuna anzanga pa bawo. Wina anati, "Timeneto ukangoyamba susiya, chifuwa chimazolowera ngati fodya." Wina anati, "Ndinaona agogo ena ku Karonga akupopa, mwezi sunathe." Ndipo wina, amene ali ndi ana aamuna, anandiyang'ana m'mbali nati, "Kwathu tikamafunsira mbeta timayamba tafufuza matenda a kubanjako. Ng'ombe sitimatayira kuchipatala." Onse anaseka, ine ndinaseka nawo. Pofika kunyumba ndinaika lamulo lija: upope m'chipinda, chitseko chili chotseka, ndipo kusukulu kapena kutchalitchi munthu asakaone. Ndinkati ndikukutetezera banja lako la m'tsogolo. Adokotala anali atauza kale amayi ako kuti mankhwalawo sazoloweretsa munthu, koma mawu a pa bawo anandilemera kuposa a adokotala. Lamulo limenelo ndikulichotsa lero, ndipo amayi a Chikondi ndi mboni. Mwamuna amene adzathawe kapampu, athawe. Ng'ombe zake akadye yekha. Kena ka tsiku lililonse kaja usamakasiye poti wapeza bwino, ndipo usamadikire kuti kathe ndiye uzikafuna kena.

Pali chinthu chimodzi chimene sunachimve, chifukwa Lamulungu lija tikubwerera iwe unali patsogolo ndi anzako. Ine ndinkang'ung'udza m'njira monga mwa masiku onse. Ndinkati ana a masiku ano ndi a mapepala, nthawi yathu tinkagona m'nyumba ya utsi pamodzi ndi mbuzi, tinkasamba mumtsinje m'chisanu, ndipo mphumu sitinkaidziwa. Amayi ako anaima pakati pa njira, anaika Baibulo m'khwapa, n'kundiyang'ana.

"Inu bambo a Lusekelo, mukamati kale kunalibe, nanga Ambokile anali wa liti?"

"Ambokile anachita kulodzedwa," ndinatero.

"Analodzedwa chaka chilichonse m'chisanu mokha? Mfiti yake inkaopa dzuwa?"

Ambokile anali mng'ono wanga, wobadwa pambuyo panga. Iwe sunamuone, ndipo dzina lake sitilitchula kawirikawiri. Amayi ako ankamudziwa chifukwa tinakulira mudzi umodzi. Tikamakwera phiri ndi ng'ombe, iye ankatsalira m'mbuyo, atagwira mawondo, pakamwa pali yasa. Tinkamuseka. Agogo ako ankamukwapula kuti ndi waulesi. Anamwalira m'nyengo yachisanu, ndevu zisanamere, ndipo akuluakulu anati ndi nsanje ya amalume ena. Mabanja awiri anakhala zaka osapemphana moto chifukwa cha nkhani imeneyo. Masiku onsewa kuchokera Lamulungu ndakhala ndikumva kulira kwa chifuwa chake m'makutu mwanga, ndipo sikukusiyana ndi kwako. Anzathu a kutsidya kwa Songwe amati wobisa matenda imfa imamuulula. Ife imfa inatiululira, koma tinaipatsa dzina lina.

Komabe, mwana wanga, usaganize kuti ndasiya maganizo anga onse. Ndakalamba ndikuona, ndipo ndikunenetsa kuti zinthu zasintha. Nthawi imene mkulu wako Lusekelo anali pasukulu, mwana wobanika ndinkangomva za wa mphunzitsi wina wobwera. Lero taona. Mtsikana wa bambo aja olondera nkhalango ali nako kapampu. Kwa azakhali ako ku Kaseye kuli mnyamata amene anasiya mpira chifukwa cha chifuwa. Oyetsemula m'mawa ndiye osanena, m'tchalitchi achinyamata amachita kulandizana ngati nyimbo. Pano amayi a Chikondi aika cholembera pansi, akuti, "Agogo, mukunena za kutali, Chikondi wangayu sopo wochapira akangomununkhiza mphuno zimatseguka ngati mpope, ndipo abambo ake amati ndi chibwana." Ndawauza kuti abambo a Chikondi abwere adzakhale pano ndiwauze zanga.

Chimene chachulukitsa sindikuchidziwa. Ine ndimaloza zimene ndimaona. Kale denga la udzu linkapuma, lero tadzitsekera m'malata. Kale chimanga chinkagona panja, lero chikugona ndi ana. Kale njira yathu inkadutsa anthu ndi ng'ombe, lero njinga zamoto zikungopanapana ndipo fumbi lake limafika mpaka pa masamba a khofi. Moto tikuyatsira mapepala apulasitiki. Zofunda tikugula za m'mabelo zimene sitidziwa kuti zagona kuti. Amayi ako atafunsa adokotala chimene chachititsa, iwo anati ngakhale iwowo sadziwa zonse, ndipo anawonjeza kuti mwina ena mwa ana amenewa kale sankafika n'kuchipatala komwe. Poyamba yankho limenelo linandikwiyitsa, ndinati ophunzira akulephera bwanji. Tsopano ndikuona kuti zonse ziwiri zingakhale zoona: achuluka, komanso akale sitinkawawerenga, tinkangowakwirira. Iwe ukupita kukaphunzira za uphunzitsi. Tsiku lina udzaima kutsogolo kwa kalasi, ndipo kumbuyo kudzakhala mwana wotikita mphuno, amene amatsalira anzake akamathamanga. Usadzamukwapule. Udzaitane bambo ake, ndipo akadzakhala wouma mutu, udzawauze kuti unabadwa kwa wouma mutu woposa iwo.

Ndikubwerezanso, chifukwa okalamba timabwereza. Kapampu m'kachikwama ka m'manja, osati m'sutikesi. Panjinga yamoto udzimange kansalu kumphuno, msewu wauma. M'basi ukhale kutali ndi osuta ndiponso kutali ndi matumba a katundu wa fumbi. Mukamadutsa malo ozizira m'bandakucha, udzifunde pachifuwa. Chifuwa chikathina ukhale tsonga, usagone chagada, upope, ndipo wokhala naye pampando akayang'ana umuuze kuti ndi mankhwala. Anthu a m'basi simudzaonananso. Ine ndinakuzunza chifukwa cha anthu amene ndimaonana nawo tsiku lililonse, ndipo Lamulungu lija palibe mmodzi wa iwo amene anadzuka pabenchi kukutsatira panja.

Kupepesa sindinazolowere. Bambo anga sanandipepesepo, ndipo ine ndinakula ndikudziwa kuti mwamuna akalakwa amangogula shuga n'kuika patebulo. Amayi a Chikondi akuseka, akuti shuga alipo ngati ndikufuna. Koma pa nkhani iyi shuga sakwanira. Pepa, Tusekile. Ndinakuphunzitsa kuchita manyazi ndi mpweya wako. Manyaziwo ndi anga, undisiyire kuno, usapite nawo.

Chotsala ndi pempho limodzi, ndipo ili usalikane. Kumeneko udzagona m'chipinda ndi mtsikana wina amene sitikumudziwa, mwina wa ku Mulanje, mwina wa ku Kasungu. Tsiku limene chifuwa chidzakugwire moti sungathe kuyankhula, moyo wako udzakhala m'manja mwa mtsikana ameneyo. Ayenera kudziwa pomwe kapampu kamakhala, mmene kamagwirira ntchito, ndi njira ya kuchipatala. Ndikudziwa kuti iwe wekha sudzamuuza. Udzati mawa, mawa, kudikira kuti muzolowerane, chifukwa ndinakuumba ndine. Choncho tichite motere. Tsiku lomwe wafika, usanamasule n'komwe katundu, uimbe pafoni ya amayi ako. Ine ndidzakhala pakhomo, kumunda sindipita. Ukandipatsa moni, foniyo umupatse mnzakoyo. Ndidzamupatsa moni m'Chichewa changa chokhotachi, ndidzamuuza dzina langa ndi mudzi wanga, kenaka ndidzamuuza kuti mwana wanga Tusekile ali ndi mphumu. Mawu amenewa sindinawanenepo kwa munthu wakunja chiyambire. Lero ndawayeseza pano pakhonde, mokweza, mpaka amayi awiri ogula mchere atembenuka. Anatuluka movuta, koma anatuluka.

Ukamupatse foniyo. Zotsalazo ndidzanena ndine.

Mulungu akutsogolere panjira, akupatse mpweya wokwanira tsiku lililonse.

Ndine bambo ako,
amene ndanena zonsezi ndi pakamwa panga, ndipo ndazimva zitawerengedwa.